Mafunso a Owerenga: Tikonze Bwanji Mwezi Wowala pa Siteji?

Wokondedwa Mkonzi,

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo. Tikukonzekera sewero limene chigawo chake chachiwiri chonse chimachitikira pabwalo usiku, agogo akusimbira adzukulu nthano mwezi ukuwala. Chaka chatha tinayesa kukonza mwezi ndi beseni loyera lapulasitiki. Tinaliboola pansi n'kulowetsamo babu lamphamvu. Titangoyatsa, ana a kumbuyo anayamba kufuula kuti kukubwera njinga yamoto, holo yonse n'kufa nalo phwete pa nthawi imene anthu anayenera kukhala chete. Sewero lisanathe beseni linayamba kununkha kupsa, ndipo ngakhale babulo linali lothobwa m'maso, nkhope za ochita sewero sizinkaoneka. Kodi tingatani kuti chaka chino tikhale ndi mwezi wooneka ngati mwezi, poganizira kuti ndalama tili nazo zochepa komanso magetsi kwathu kuno amazima osatsanzika?

Mphunzitsi wa zisudzo, Dedza

Aphunzitsi,

Ana aja sananame, chifukwa chimene munakoleka chinalidi nyali ya njinga yamoto: kuwala konse kunaunjikana pakati, m'mbali muli mbuu. Koma gwero la vuto lanu lili pena. Munapatsa chipangizo chimodzi ntchito ziwiri zimene siziyendera limodzi. Mwezi umene anthu amauona kumbuyo kwa siteji ndi chithunzi chabe, ndipo ntchito yake ndi kuuza oonerera kuti kunja kwada. Kuwala kumene kumagwera pa agogo ndi adzukulu kuyenera kuchokera ku nyali ina yobisika, imene oonerera sakuiona. Mwezi wopachikidwa kumbuyo kwa munthu sungawalitse nkhope yake ngakhale mutauikira babu lamphamvu bwanji, ndipo mukamawonjezera mphamvu m'pamenenso mumathobwa oonerera m'maso, nkhope zija n'kuderatu bii.

Tiyambe ndi chithunzicho. Akatswiri a zisudzo ku Ulaya anali ndi chipangizo chake kalekale, magetsi asanafike m'nyumba za zisudzo, ndipo dzina lake lachingerezi mpaka lero ndi moon box. Linali bokosi lokhala ndi nyali mkati, kutsogolo kwake kuli bowo lozungulira lotsekedwa ndi nsalu kapena pepala, ndipo ankalipachika kuseri kwa chinsalu chakumbuyo. Kuchokera mu 1881, pamene Savoy Theatre ya ku London inayamba kuwalitsidwa ndi mababu amagetsi, chimene chakhala chikusintha ndi nyali ya mkatiyo basi. Maganizo ake adakali omwewo, ndipo kalipentala aliyense wa pa Dedza angathe kukukhomerani bokosi lotere tsiku limodzi.

Kukula kwake ndi nkhani imene imadabwitsa ambiri. Mwezi weniweni ndi wa makilomita pafupifupi 3,474 m'mimba mwake, koma popeza uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, m'maso mwathu umangotenga theka la digiri imodzi ya thambo, moti mukatambasula dzanja mungathe kuuphimba ndi chikhadabo cha chala chaching'ono. Mutati mutsatire muyeso umenewu, munthu wokhala mamita 15 kuchokera pa chinsalu angafunike mwezi wa masentimita 13 okha, ngati kasosala ka kapu ya tiyi. Palibe amene angauvomereze mwezi wotero, chifukwa mwezi wa m'mutu mwa anthu ndi waukulu kuposa wa kumwamba. Pa holo ya sukulu ndimalangiza mwezi wa masentimita 80 m'mimba mwake, wokulirapo kuposa lichero. Ukapitirira mita imodzi umayamba kulanda sewero, anthu n'kumayang'ana mwezi m'malo momvera agogo.

Chinthu china chofunika kuchidziwa musanagule kanthu n'chakuti mwezi wathunthu suoneka ngati mpira. Tulukani panja tsiku limene uli wathunthu muuyang'anitsitse: umaoneka wafulati ngati mbale, ndipo m'mphepete mwake mumawala mofanana ndi pakati. Izi zimachitika chifukwa fumbi la pamwezi limabweza kuwala kwa dzuwa kulunjika kumene kwachokera. N'chifukwa chake beseni, chibaluni kapena mpira wokhala ndi babu mkati sizioneka ngati mwezi. Chimene mukufuna ndi nkhope yafulati yowala mofanana ponseponse.

Bokosi likhale la pulayiwudi wopyapyala kuti lisalemere, masentimita 90 m'litali ndi m'lifupi, ndipo kuya kwake kukhale pakati pa masentimita 15 ndi 20. Pa thabwa lakutsogolo khomani msomali pakati, mangani chingwe cha masentimita 40 chokhala ndi pensulo kumapeto, jambulani bwalo n'kulidula mosamala. Mphepete mwa bowolo musalaze ndi sandipepa, pakuti kakhwawa kalikonse kamene macheka asiya kadzaonekera mwezi ukayaka. Mkati monse pakani penti yoyera yosanyezimira kawiri, kunja konse penti yakuda, ndipo mipata ya m'makona muitseke ndi tepi yakuda. Kuwala kothawira m'mbali n'kumene kumaulula kuti kuseri kwa nsalu kuli bokosi.

Za babu limodzi muiwale. Gulani nyali za LED zimene zimabwera ngati lamba wokulungidwa, za mavoti 12, zimene kawirikawiri amagulitsa mkulungo wa mamita 5. Zofala zimakhala ndi tinyali 60 pa mita iliyonse ndipo zimadulidwa pa masentimita 5 alionse, pamene pali timadontho tamkuwa. Mukadula pena, kachidutswa kameneko sikayakanso. Matani malambawo pa thabwa lakumbuyo m'mizere yotalikirana masentimita 10, mzere uliwonse utalike molingana ndi bwalo la mwezi pamalo amenewo. Mukawerengetsa mupeza kuti mwezi wa masentimita 80 umadya pafupifupi mamita 5, ndiye kuti mkulungo umodzi ukukwanirani. Lamulo limene silisintha n'lakuti mtunda wochoka pa tinyali kufika pa nkhope ya mwezi usachepere mpata wa pakati pa mizere. Bokosi likakhala losaya, mizere ya tinyali imaonekera pa nsalu ngati mizere ya m'munda. Mawaya olumikiza mizereyo akumatireni ndi mtovu munthu wokonza mawailesi kapena mafoni, ndipo mphamvu ilowere mbali ziwiri kapena pakati, chifukwa ikalowera kumodzi kokha mzere womalizira umawala mofooka kuposa woyamba.

Pa paketi pamalembedwa nambala yotha ndi K, imene imasonyeza mtundu wa kuyera kwake. Ya 3000K imapita ku chikasu ngati babu lakale, ya 6000K imapita ku buluu, ndipo ya 4000K ili pakati. Kuwala kwa mwezi weniweni kuli pafupi ndi yapakatiyi, choncho ngati mungaipeze tengani imeneyo. Mwezi wabuluu pa siteji umaoneka ngati chikwangwani cha sitolo.

Nkhope ya mwezi ikhale ya magawo awiri. Mkati, masentimita angapo kuchokera pa bowo, kokani nsalu yoyera ya bafuta kapena pepala lojambulira mapulani la tracing paper, kuti limwaze kuwala. Pa bowo penipeni pakhale nsalu yachiwiri yokoka zolimba ngati chikopa cha ng'oma, yopanda khwinya. Pa nsalu yachiwiriyi, mbali yoyang'ana mkati, m'pamene mujambule mawanga a mwezi. Sungunulani penti yotuwa ndi madzi ambiri, nyowetsani siponji, ifinyeni mpaka itsale yachinyezi chabe, ndipo muzidinda pang'onopang'ono nyali zili zoyaka, wina ataima kumapeto kwa holo kuti azikuuzani mmene zikuonekera. Ambiri amachulutsa penti, mwezi n'kuoneka ngati wadwala chikuku. Mawanga aja ndi zigwa zazikulu za mwala wakuda umene unapangika chiphalaphala chamoto chitauma zaka mabiliyoni atatu ndi kuposerapo zapitazo, ndipo chimodzi mwa izo, Mare Tranquillitatis, ndi pamene anthu oyamba anatera mu July 1969. Mawangawo sali akuda bii. Amangochepa kuwala poyerekeza ndi mapiri owazungulira, ndipo m'mphepete mwawo ndi mofatsa.

Apa ndikupempheni kuti musakopere chithunzi cha pa intaneti mwachimbulimbuli. Zithunzi zambiri zimasonyeza mwezi mmene umaonekera kwa anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, pamene kwa ife a kummwera kwa equator umaoneka wotembenuka, komanso mawanga ake amazungulira pang'onopang'ono kuchokera pamene watuluka kufikira pamene ukulowa. Tumani ana anu a kalabu kuti tsiku la mwezi wathunthu aujambule pa pepala nthawi imene nthano zimasimbidwa, anthu atangotha kudya nsima yamadzulo. Oonerera anu akhala akuuona mwezi umenewo kuyambira ali aang'ono, ndipo ngakhale sangafotokoze chimene chalakwika, mwezi wozondoka amaukayikira.

Nkhani ya magetsi kuzima ikuthetsedwa ndi mavoti 12 omwewo. Malamba ofooka, amene ali okwanira pa ntchitoyi, amadya mawati 4.8 pa mita, ndiye kuti mamita 5 ndi mawati 24, omwe ndi maampu 2. Batire laling'ono la 7Ah, longa la m'ma UPS, zipangizo zosunga magetsi a makompyuta, lingayatse mwezi wanu kwa ola limodzi ndi theka popanda kulikhuthula mopitirira theka, chimene chimafupikitsa moyo wa mabatire amtovu. Ikani fyuzi ya maampu 3 pa waya wa pozitivu pafupi ndi batire, chifukwa mawaya a batire akagundana amatentha mpaka kuyatsa nsalu. Pakati pa batire ndi bokosi ikani dimmer ya mavoti 12, kachipangizo kotsika mtengo kokhala ndi kachopotera kochepetsera ndi kuwonjezera kuwala. Mudzadabwa kuona kuti mu holo yamdima mwezi umaoneka bwino kachopoterako kali pansi pa theka, ndipo pamenepo batire limakhalitsanso. Muyeso wake ndi uwu: ngati munthu wa pa mzere wakutsogolo sangathe kuyang'ana mwezi kwa nthawi yaitali osatsinzina, kapena ngati mawanga sakuoneka, ndiye kuti mwachulutsa.

Bokosilo lipachikeni kuseri kwa chinsalu chakumbuyo ngati chili chopyapyala, nkhope yake itatsamira nsaluyo kuti mkombero wa mwezi uoneke wakuthwa. Mukalisunthira kumbuyo masentimita awiri kapena atatu, mkombero umafewa ndipo mwezi umaoneka ngati uli m'nkhungu, chimene chingathandize sewero la nthawi ya dzinja. Ubwino wa njirayi ndi wakuti nyali zikazima mwezi umasoweratu, osasiya chizindikiro pa zigawo zochitika masana. Ngati chinsalu chanu ndi chakuda chokhuthala, bokosi likhale kutsogolo kwake ndipo masana muziliphimba ndi kansalu kakuda. Lisakhale pakati penipeni pa siteji koma chakumbali, pamwamba pa mitu ya ochita sewero ataimirira. Limangeni ndi zingwe ziwiri pa mtanda wa denga, kenako muwonjezere waya wachitatu womangidwa pena, woti aligwire zina zikaduka, pakuti pansi pake pamakhala ana a eni. Ndipo nyali zakutsogolo zisagunde chinsalu chakumbuyo. Chimene chimapatsa mwezi mphamvu ndi mdima wouzungulira, moti ochita sewero aziima mamita awiri kapena kuposerapo kuchokera pa nsaluyo kuti muziwawalitsa osawalitsa thambo.

Tsopano tibwere ku ntchito yachiwiri ija. Pezani nyali imodzi yolunjika, muipachike pamwamba chakumbuyo, mbali yomweyo imene kuli mwezi, yobisika kuseri kwa katani kapena thabwa lakuda. Nyali imeneyi ndiyo ikhale yamphamvu kuposa zonse pa chigawo cha usiku, kuti mithunzi ya anthu igwere mbali imodzi, kuthawa mwezi. Aliyense amene anayendapo pa mwezi kumudzi amadziwa kuti mthunzi umakhala umodzi, wakuthwa, ndipo mapewa ndi mitu ndi zimene zimayamba kuwala. Kutsogolo kukhale nyali yofooka yongothandiza kuti maso ndi milomo zioneke.

Pa mtundu wa kuwalako pali chodabwitsa. Kuwala kwa mwezi ndi kwa dzuwa komwe, kobwezedwa ndi nthaka yotuwa, ndipo sikwabuluu ayi. Timakuona kwabuluu chifukwa cha mmene diso limagwirira ntchito kuwala kukachepa: zofiira zimada msanga pamene zabuluu ndi zobiriwira zimaonekabe. Wasayansi wa ku Bohemia, Jan Evangelista Purkyně, ndiye anafotokoza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, koma amayi aliyense amadziwa kuti chitenje chofiira chimaoneka chakuda pa mwezi. Choncho pa siteji timanamizira ndi buluu wopepuka. Amene angapeze mapepala apulasitiki opirira kutentha otchedwa gel afunse a kampani ya Lee, nambala 201 kapena 117. Chenjezo langa n'lakuti buluu wakuya, amene ambiri amamukonda, amameza khungu lakuda ngati lathuli, nkhope n'kusanduka mthunzi wopanda maso. Pa nyali yakutsogolo yesani mtundu wopepuka wopita ku papo, monga Lee 136, ndipo agogo muwaveke duku kapena malaya oyera kuti diso la woonerera lizipeza pogwera.

Kununkha kupsa kuja musakutenge ngati nthabwala. Babu lakale limasandutsa mphamvu yake yambiri kukhala kutentha, ndipo pulasitiki, pepala ndi nsalu sizikhalira limodzi ndi kutentha kotere. Pa 30 December 1903, ku Iroquois Theatre mumzinda wa Chicago, nyali yamagetsi inayatsa nsalu yolendewera pa nthawi imene siteji inali itawalitsidwa mwabuluu ngati usiku wa mwezi, ndipo anthu pafupifupi 600 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, chifukwa zitseko zambiri zotulukira zinali zotseka kapena zovuta kutsegula. Kandulo kapena koloboyi zisalowe m'bokosi lanu, ndipo ngati mwatseka mawindo ndi mabulangete kuti mu holo mude, zitseko zikhale zosakhoma.

Wokondedwa Mkonzi,

Gulu lathu la achinyamata a kutchalitchi likufuna kuti mwezi uzituluka kuseri kwa phiri sewero lili mkati. Kodi n'zotheka popanda makina? Komanso pa chigawo china tikufuna mwezi wongokhala kumene.

Mlembi wa gulu, Mzuzu

Achimwene,

N'zotheka, ndipo makina ake ndi munthu mmodzi wodekha. Dulani chithunzi cha phiri pa katoni kapena pulayiwudi, muchipake chakuda n'kuchiimika kutsogolo kwa chinsalu. Bokosi la mwezi lilendewere pa zingwe ziwiri zodutsa pa mapule (timagudumu toyendapo chingwe), ndipo m'mbali mwake mukhale mawaya awiri okoka zolimba kuchokera pansi kufika kudenga, kuti lizikwera motsatira mawayawo osagwedezeka. Chovuta ndi liwiro. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola, ndiye kuti mwezi umakwera mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse. Mwezi wa masentimita 80 uzikwera masentimita osapitirira 80 pa mphindi ziwiri, ndipo kuchedwerapo n'kwabwino. Ikani zizindikiro za tepi pa chingwe kuti wokoka azidziwa pamene ayenera kufika pa mawu akutiakuti a sewero. Oonerera asauone ukuyenda. Angozindikira kuti wakwera.

Mwezi wotuluka kumene umakhala wofiirira chifukwa kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka, ndipo kwathu kuno mu September ndi October, utsi wa tchire ndi fumbi zikadzaza mlengalenga, umatuluka uli psuu. Kuti muonetse zimenezi, matani m'bokosi malamba amitundu iwiri, a 3000K ndi a 6000K, mizere yake yosinthana, mtundu uliwonse ndi dimmer yake. Yambani ndi achikasu okha mofooka, kenako muziwonjezera oyerawo pamene mwezi ukukwera.

Mwezi wongokhala kumene ndi wosavuta: dulani katoni yakuda yophimba nkhope n'kusiya kachigawo kopyapyala. Koma kumbukirani kuti umaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa ndipo suchedwa kulowa nawonso, choncho sungakhale kumwamba pakati pa usiku. Kuno kwathu nthawi zambiri umagona ngati bwato, nyanga zake zitaloza kumwamba, osati kuima chilili monga m'mabuku a ana ochokera ku Ulaya. Musajambulenso nyenyezi pakati pa nyangazo, chifukwa mbali yamdimayo ndi mwezi womwe, ndipo umaphimba zonse zimene zili kuseri kwake.

Wokondedwa Mkonzi,

Ife tili ndi pulojekita. Kodi sitingangoonetsa chithunzi cha mwezi pa khoma?

Wophunzira, Zomba

Mungathe, ndipo zithunzi zabwino zilipo zaulere, zochokera ku chombo cha NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, chotchedwa Lunar Reconnaissance Orbiter chimene chakhala chikuzungulira mwezi kuyambira 2009. Zithunzi za NASA zomwezi n'zimene Luke Jerram wa ku Britain anagwiritsa ntchito pa mwezi wake wa mamita 7 wowala kuchokera mkati, umene unayamba kuonetsedwa mu 2016. Koma pulojekita ili ndi zovuta zake. Kuda kwake sikuda kwenikweni, moti mwezi umaoneka uli mkati mwa bokosi lotuwa la makona anayi; chepetsani vutoli poimika katoni yakuda yoboola pakati patsogolo pa diso la pulojekita, n'kuisuntha mpaka makonawo afufutike. Ikaunikira chammbali, mwezi umakhala ngati dzira, choncho muyenera kukonza chithunzicho pa kompyuta kuti pa khoma chifike chozungulira. Ipachikeni pamwamba kuti wosewera akadutsa mwezi usagwere pa chipumi chake. Pomaliza, lowani mu menyu musinthe chimene imaonetsa ikataya chithunzi kuti chikhale chakuda, chifukwa zambiri zimabwera zitatcheredwa kuonetsa buluu, ndipo waya ukangogwedezeka khoma lonse limasanduka labuluu ndi dzina la kampani pakati.